Mlombwa sitipaka penti, chonde

Pali fashoni yabwera ndi mavidiyo a pa TikTok ndi Facebook iyi yomatenga mpando kapena kabati yakale, kuipaka penti woyera, kusintha zogwirira n'kuika zagolide, kenako kujambula kuti onani mmene inalili ndi mmene ilili pano. Ine zokonza katundu wakale sindidana nazo ayi. Ndi mmene kwacha inagwera muja, 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, ndi angati angalowe mushopu n'kutuluka ndi sofa yatsopano popanda ngongole? Chomwe chikundiwawa n'choti anthu ayamba kupaka pentiyo pa mlombwa. Pa mlombwa abale!

Anzathu a m'mavidiyomo ambiri amapaka pa paini kapena pa matabwa a utuchi aja omata kapepala konyezimira pamwamba, zinthu zoti ngakhale uzipale tsiku lonse mkati mulibe chooneka. Ife tikungotengera osafunsa n'komwe kuti tebulo lomwe anasiya agogoli ndi la mtengo wanji. Mlombwa, womwe ku Zambia ndi ku Zimbabwe amati mukwa ndipo ku Joni amati kiaat, ndi mtengo woti chiswe chimaulemekeza, sufumbwa wamba kupatula mbali yoyera ija ya kunja, komanso ukauma supindika pindika. M'bawa nawo ndi omwewo. Masiku ano pitani kwa makalipentala a ku Mchesi kapena ku Ndirande mukafunse tebulo la mlombwa weniweni, mtengo wake mukhala pansi, ndipo mwina akupatsani bulugamu wopaka kala n'kumalumbira kuti ndi mlombwa. Mitengoyi inatha m'nkhalango zambiri, kudula yachilengedwe kumafuna chilolezo, lamulo la nkhalango la 1997 lija analikhwimitsanso mu 2020. Ngakhale paini wa ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala oposa 50,000 yomwe tinkaiona ngati siingathe, taonani mmene moto ndi macheka zinaichitira. Ndiye munthu uli nawo mtengo woterewu pabalaza, waulere, n'kuukwirira ndi penti kuti ufanane ndi kabati ya utuchi yomwe ikangokhudza madzi okolopera imafufuma ngati buledi woviika mu tiyi. Aaa ayi.

Musanagule chitini chilichonse tembenuzani kaye mpandowo miyendo m'mwamba. Pansi pomwe sipaoneka palanipo pang'ono ndi kachidutswa ka galasi losweka, mmene amachitira makalipentala akale, kenako nyowetsani chala mupakepo. Ngati patuluka mtundu wofiirira wa mizere yokhotakhota, pena pakuda pena powala, siyani pomwepo maganizo a penti. Ngati patuluka poyera pachikasu pokhala ndi mfundo zozungulira ndipo chikhadabo chikulowa, ameneyo ndi paini, pakani mtundu uliwonse womwe mtima wanu ukufuna, ine ndilibe nanu mlandu.

Ntchito ya mlombwa siifuna ndalama zambiri, imafuna mikono ndi kudekha. Vanishi wakale wakuda womata uja mumupale ndi galasi lomwelo, kenako sandipepa wokhakhala wa nambala 80, n'kubwera wa 120, kumalizira wosalala wa 220, ndipo muzikwecha motsata mizere ya thabwa osati mopingasa chifukwa zokanda zopingasa zimabisala thabwa likadali louma koma mukangopaka vanishi zimatuluka zonse poyera. Ngati mwendo ukugwedera musakhomere msomali wa 4 inchi, mung'amba thabwa. Zulani mwendowo, palani guluu wakale yense, ikani guluu woyera wa matabwa, bwezeretsani n'kumanga zolimba ndi mphira wa chubu cha njinga, usiku umodzi basi. Fumbi lipukuteni bwino bwino. Vanishi woyamba musungunule pang'ono ndi tapentaini kuti alowe m'thabwa, akauma mudutsepo mopepuka ndi 220 uja kenako wachiwiri. Anthu ambiri amalakwa chifukwa chofuna kumaliza tsiku limodzi, amapaka wokhuthala kamodzi n'kamodzi, mapeto ake amayenderera m'miyendo ndipo amatha sabata akumata zovala za alendo. Komanso musapakire pabwalo mu Okutobala mphepo ya fumbi ikuomba, kapena m'masiku a chiperoni pomwe ngakhale malaya sauma. M'chipinda chotsegula mawindo ndiye bwino.

Chimodzi chomwe mavidiyo aja satchula: ngati katunduyo anapakidwa kale penti wa oyilo wa zaka zambiri, penti ngati ameneyo nthawi zina amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi loipa kwambiri kwa ana, limaononga ubongo. Kwechani monyowetsa, dzimangeni kukamwa ndi mphuno, ana akasewere kutali, mukatha mukolope osati kusesa. Mapaleti, matabwa osanjikapo katundu aja, omwe atchuka popangira mabedi ndi timatebulo nawonso muziona chidindo chake m'mbali. HT ndiye kuti anangowatenthetsa, ali bwino. MB ndiye kuti anawafukiza mankhwala a methyl bromide, amenewo asalowe kuchipinda chogona. Ndipo oyilo wakuda wa galimoto yemwe ena amapaka pa mitengo ya denga poopa chiswe asafike pa mpando wokhalira anthu, ndaonapo zimenezi ndipo fungo lake silichoka.

Ena mundiuza kuti koma mlombwa umadetsa m'nyumba, umaoneka wachikale, ngati pabalaza pa ahedi opuma ntchito. Ndikumva. Koma taonetsetsani, chodetsa nyumba nthawi zambiri si mpando, ndi khoma lomwe linaona penti komaliza alandilodi akumanga, kuphatikiza makatani olemera a maruni otseka dzuwa lonse. Khomalo lipakeni penti woyera wa PVA, kapena laimu ngati thumba lafooka, ngakhale laimu amatsalira pamsana pa malaya ukatsamira. Makatani opepuka ali mbwee pa kaunjika. Khoma likayera mtengo wofiira uja umaoneka bwino zedi, mwina kuposa mmene unalili uli watsopano. Makushoni pitani nawo kwa atelala ndi zitenje ziwiri zitatu, asoke zovundikira za zipi zoti muzichotsa n'kuchapa, ndipo ngati fomu inaphwa mpaka mukumva thabwa pokhala, sinthani fomuyo, kusoka nsalu yatsopano pa fomu yakufa n'kutaya chitenje. Chitenje muchichape kaye chisanasokedwe chifukwa china chimabwerera komanso chimasuluka.

Zimandiseketsanso kuti mipando yathu yoluka ija, yomwe timaidutsa m'mbali mwa msewu osaiyang'ana kawiri, m'mashopu a ku Cape Town ndi ku London amaigulitsa ndi dzina loti Malawi chair pa mtengo woti woluka wake atamva akhoza kukomoka. Malichero ndi madengu akuwapachika pakhoma m'mahotela. Ife eni ake tili kalikiliki kusaka maluwa apulasitiki ndi mawotchi agolide osayenda.

Kwa a lendi ndingoti ndalama zanu muziika pa zinthu zomwe mudzanyamule posamuka. Kuika matailosi m'nyumba ya eni ndi mphatso kwa alandilodi, ndipo ena akaona mwakongoletsa amakweza lendi mwezi wotsatira. Simenti ya pansi ikhale ya polishi wofiira ndi mkeka, zakwana.

Tsono inu amene muli ndi disipule ya mlombwa ndipo mwatsimikiza mtima kuti mukufuna yoyera basi, palibe angakuletseni, ndi yanu. Koma penti akalowa m'timabowo ta thabwa kudzamuchotsa ndi chintchito chosati masewera, ndipo zaka zikubwerazi fashoni ikadzasintha mudzakhala inu nomwe mukupala. Bola itanani kalipentala aione, muigulitse momwe ililimo, ndalamayo mupangitse ina ya paini muipake yoyera, ya pinki, kaya yobiriwira. Kalipentalayo akayamba kuinyoza kuti ndi yachikale koma maso osachoka pa matabwa, kwezani mtengo.