Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Dzulo ndakwiya kwabasi. Tili pamaliro a azakhali ku Chinamwali, azimayi akulira m'nyumba, ife abambo tazungulira moto panja, mwana wa mlongo wanga, uja akuphunzira ku yunivesite, watulutsa foni. Akuti, "Malume, taonani uthenga wachipepeso umene ChatGPT yandilembera. Nayonso yamva chisoni." ChatGPT ameneyu ndi pulogalamu ya pakompyuta imene imayankha mafunso ndi kulemba ngati munthu. Ndinangomuyang'ana. Iye osaleka, ati ubongo wa munthu ndi kompyuta basi, maganizo onse ndi masamu.

Iwe mwana iwe! Kulemba mawu achisoni si kumva chisoni ayi. Foni yakoyo inadyapo nsima ya azakhali, ya matemba a ku Chilwa otendera? Inamvapo chinthu chikutsamwa pakhosi bokosi likutuluka pakhomo? Imangolumikiza mawu amene anthu analemba kale, ili likatha libwere ili. Mkatimo mulibe amene akulira. Mulibe munthu, mulibe!

Nkhaniyitu si yachilendo. Mu 1980 John Searle, katswiri wa filosofi wa ku America, anapereka chitsanzo cha munthu wotsekeredwa m'chipinda, wosadziwa Chitchaina ngakhale liwu limodzi. Akunja akumulowetsera timapepala ta Chitchaina, iye akutsegula buku la malamulo, lomuuza kuti ukaona chizindikiro chakuti ubweze chakuti. Mayankho akutuluka olondola, akunjawo n'kumati m'katimu muli katswiri. Chonsecho mwini wake sakudziwa ngati akukamba za mvula kapena za ngongole. Kompyuta ndi imeneyo. Imayankha, koma siidziwa chimene ikunena, ndipo siifuna kanthu. Alan Turing, katswiri wa masamu wa ku Britain, mu 1950 anapereka njira yoyesera ngati makina angatipusitse pocheza, chabwino, atipusitsa, nanga kupusitsa munthu ndiye kukhala munthu?

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Makinawa alibe mimba. Sadzuka pakati pausiku chifukwa cha nkhawa, salakalaka, sasowa munthu. Mwina vuto ndi loti anawa amagona ndi foni, kudzukanso ndi foni, kaya. Koma mungajambule ubongo wonse pakompyuta, mtsempha uliwonse, simunandiuzebe chifukwa chake kupweteka kumapweteka.

Ndiye chondinyansa china, mnyamata yemweyo usiku wonse sanatoleko nkhuni ngakhale imodzi. Anzake m'mawa apita kumanda kukathandiza adzukulu, iye ali pakhonde kufunsa poti atchajire foni. Ndipo bandulo imene akufunsira nzeru zakezo wagula ndi ndalama imene ndinamupatsa ine ya minibasi.