Chenjezo kwa inu amene mwatseka makutu ndi ma earbuds

Wakutsina khutu ndi mnansi. Ana anga, achinyamata inu, ngakhalenso akuluakulu anzanga amene mwayamba kutengera, ndikufuna tikambirane za timahedifoni topanda waya tija timatchedwa ma earbuds, makamaka tomwe timaletsa phokoso lakunja. Chipangizochi si choipa ayi. Chinapangidwa kuti phokoso la injini likachepa, inu muzimvera nyimbo motsitsa. Koma mmene ambiri a inu mukugulira, mmene mukuvalira ndi mmene mukusungira, mukuwononga ndalama, makutu, ndipo ena mukuika moyo pachiswe.

Ndiyambe ndi zamoyozo. Munthu akuyenda m'mphepete mwa msewu wa M1, makutu onse awiri watseka, mbali yoletsa phokoso lakunja yotchedwa ANC wayatsa, kumbuyo kukubwera minibasi. Wakabaza wanyamula mayi ndi mwana, iye ali mu nyimbo. Wina akudutsa njanji ku Limbe osamva kalikonse. Zimenezi musiye lero. ANC imagwira bwino kwambiri pa phokoso lokhuthala komanso losasinthasintha, ndipo kulira kwa injini ya galimoto imene ikukuyandikirani ndi phokoso lotero ndendende. Chimene chikanakuchenjezani ndicho chikufufutidwa. Mukakhala pamsewu wapansi, yendani kudzanja lamanja kuti muziona magalimoto akubwera, popeza kuno magalimoto amayenda kumanzere, ndipo vulani kamodzi kapena yatsani mbali ija imalowetsa mawu akunja. Apple ndi Anker amaitchula Transparency, Sony ndi Samsung amati Ambient Sound, Bose amati Aware. Koma ngati mwagwira chiwongolero kapena mahandulo a njinga, timahedifoniti tibwerere m'kabokosi kake basi.

Tsono za kagulidwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mumaona kabokosi koyera, dzina lodziwika, mtengo wotsika, n'kutulutsa ndalama osafunsa. AirPods Pro 2 inatuluka mu 2022 pa mtengo wa madola 249. Sony WF-1000XM5 inatuluka mu 2023 pa madola pafupifupi 300, mofanana ndi Bose QuietComfort Earbuds II ya mu 2022. Ngakhale Soundcore Liberty 4 NC ya Anker, imene ili m'gulu lotsikirapo, inayambira pa madola 100. Ndiye wina akakupatsani "AirPods Pro yatsopano" pa mtengo wa thumba la makala, mukuganiza kuti waitenga kuti? Zachinyengo za masiku ano zimaonetsa ngakhale kachithunzi kamene AirPods zenizeni zimaonetsa pa iPhone mukatsegula kabokosi, ndipo nambala yake amakopera ku zenizeni. Musakhulupirire zimenezo.

Palinso msampha wa zilembo. Pa mabokosi ambiri otchipa pamalembedwa ENC, osati ANC. ENC imachepetsa phokoso pa mayikolofoni kuti amene mukulankhula naye pafoni akumveni bwino. Inuyo sikukuthandizani chilichonse pa zimene mukumva. ANC ndi ina: kachipangizoka kali ndi timayikolofoni, kena koyang'ana kunja, kena m'kati moyang'ana m'khutu, timene timamvetsera phokoso, kenaka kasipika kamatulutsa mawu otsutsana nalo kuti ziwirizo zifafanizane. Kuyesa kwake n'kosavuta, ndipo muyese musanalipire. Valani onse awiri, musaike nyimbo, imani pafupi ndi fani, jenereta kapena galimoto yolira, ndiye yatsani ndi kuzimitsa ANC. Yeniyeni, kugunda kwa injini kumatsika nthawi yomweyo ngati mwalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Yabodza imangoliza kabelu kapena kunena mawu, phokoso lili pomwepo. Dziwaninso kuti ngakhale yodula kwambiri siichotseratu mawu a anthu, kulira kwa mwana kapena phokoso la mbale. Ambiri mukamva mawu a anthu akulowabe mumakweza volyumu, ndipo apa ndi pamene vuto lalikulu limayambira.

Ndifikako. Choyamba ndinene za timphira tija timalowa m'khutu, chifukwa apa ndi pamene pagona kukoma kwa kuvala, kukoma kwa mawu, ndi mphamvu ya ANC, zonse zitatu. Mukatsegula bokosi mumapezamo timphira ta misinkhu itatu kapena inayi. Ambiri mumataya bokosi ndi timphira tomwe, n'kumavala tomwe munapeza talumikizidwa kale. Pakapita sabata mukuti khutu likuwawa, kapena kakugwa, kapena bezi kulibe. Safunsa anadya phula. Makutu a anthu ndi osiyana, ndipo mwa munthu mmodzi yemweyo khutu lamanzere likhoza kufuna kamphira kapakati pamene lamanja likufuna kakang'ono.

Kavalidwe kake ndi aka. Ndi dzanja la mbali inayo, kokerani nsonga ya khutu m'mwamba ndi kumbuyo pang'ono kuti njira iwongoke, lowetsani kachipangizoko, kapotozeni pang'ono mpaka kakhazikike, kenaka siyani khutulo. Ikani nyimbo ya bezi motsitsa. Kanikizani pang'ono ndi chala. Bezi ikawonjezeka mukakanikiza n'kuthawa mukasiya, ndiye kuti mpweya ukudutsa, sinthani muike kamphira kokulirapo. Mukamva kuwawa musanathe mphindi 30, kamphirako kakula, tsitsani. Apple, Sony, Samsung ndi Anker onse anaika njira yoyezera zimenezi pafoni kapena mu pulogalamu yawo. Sizitenga mphindi imodzi, koma ndi angati a inu munayesapo?

Mitunduyi imasiyana pa kakhalidwe m'khutu. AirPods Pro 2 kamodzi kamalemera magalamu 5.3, kamphira kake ndi kofewa ndipo sikalowa patali, n'chifukwa chake anthu ambiri amatha kukhala nako nthawi yaitali. Sony amaika timphira tonga siponji. Timatseka bwino kwambiri mawu a anthu, koma ena amamva ngati khutu ladzaza, ndipo timatha msanga, timang'ambika, sitifuna kuchapidwa ndi madzi. Sony WF-1000XM4 ya mu 2021 inali ya magalamu 7.3 ndipo inkavuta a makutu aang'ono. XM5 anaichepetsa kufika pa 5.9. Bose ali ndi kamphira kosalowa patali komanso kalamba kena kogwira m'mphepete mwa khutu, ndiye sikagwa wamba, ngakhale kamaoneka kakakulu. Kwa ine, munthu wa makutu aang'ono asagule chilichonse mwa izi asanayese kuvala. Ndipo ngati mukayatsa ANC mukumva chizungulire kapena ngati makutu akukokedwa, musadzikakamize. Tsitsani mphamvu yake mu pulogalamu ngati mtundu wanu umalola, kapena zimitsani.

Pa kukoma kwa mawu ndinene mwachidule, chifukwa apa mumanamizidwa ndi manambala. Mawu amachoka pafoni kupita ku ma earbuds kudzera pa Bluetooth atafinyidwa ndi chimene amati codec. iPhone imadziwa ma codec awiri okha, SBC ndi AAC. Choncho amene ali ndi iPhone akagula Sony chifukwa cha codec yapamwamba yotchedwa LDAC, walipira chinthu chimene foni yake singatumize. LDAC imagwira pa Android, koma imadya batire ndipo imadukaduka pamalo podzaza anthu ndi mafoni. Codec yapamwamba ya Galaxy Buds imagwira pa mafoni a Samsung okha. AirPods pa foni ya Tecno kapena Itel imalira ndithu, ANC mumayatsa pofinya kamwendo kake, koma kuyeza timphira ndi kulandira pulogalamu yatsopano kumafuna chipangizo cha Apple. Yambani mwaona foni imene muli nayo, kenaka musankhe. Ndipo ngati nyimbo zanu ndi zija zadutsa pa WhatsApp kangapo, palibe codec imene ingazikonze. Kamphira kokwana bwino kamasintha mawu kuposa zonsezi.

Tsopano volyumu, ndipo apa mundimvere bwino. M'kati mwenimweni mwa khutu muli timaselo tokhala ndi tiubweya timene timasandutsa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatipha, ndipo tikafa sitimeranso. Palibe mankhwala, palibe sing'anga, palibe opaleshoni yotibwezeretsa. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu angathe kumvera mawu a ma decibel 80 (decibel ndi muyezo wa kukwera kwa mawu) kwa maola 40 pa sabata popanda ngozi. Mukakweza kufika pa 90, nthawiyo imatsika kufika pa maola 4 okha pa sabata. Pa 100, ndi mphindi 20 basi, sabata yonse. Kwa ana malire ake ndi 75. Timahedifoni tambiri mukatsegula mpaka kumapeto timafika kapena kudutsa pa 100. Inu mumakwera basi ya ku Mzuzu kuchokera ku Lilongwe volyumu ili kumapeto, mpaka woyandikana naye akumva nyimbo yanu. Pa ulendo umodzi umenewo mwadya gawo la masabata ambirimbiri. WHO imati achinyamata oposa biliyoni imodzi padziko lonse ali pa chiopsezo chogontha chifukwa cha kamveredwe kotere.

Choipa chake n'chakuti sizipweteka. Zimayamba ndi makutu kulira ngati mwalowa nyenje mukavula, kapena mawu kumveka ngati muli m'madzi. Mawa zimatha, inu n'kumati palibe kanthu. Pakapita zaka mudzayamba kunena kuti "mwati bwanji?" pa gulu la anthu, muli ndi zaka 35.

Chitani izi. Yatsani ANC choyamba, nyimbo pambuyo, ndipo yambirani pansi n'kumakweza pang'onopang'ono. Musadutse pa 60 peresenti. Ola likakwana, vulani kwa mphindi zingapo. Pa iPhone pitani ku Settings, Sounds & Haptics, Headphone Safety, muyatse poletsa mawu okwera n'kuika pa 80. Pa Samsung, pamene pali zoikamo za Volume pali Media volume limit. Foni ikakuchenjezani kuti mwakweza kwambiri, siikukunyozani, lekani kungodina OK.

Za kulimba. Timabatire ta m'kati ndi tating'ono kwambiri, ta lithium, ndipo m'mitundu yambiri tinamatidwa ndi guluu moti kusintha n'kovuta. Tikali tatsopano, ANC ili yoyaka, Sony XM5 ndi Liberty 4 NC zimafika maola 8, AirPods Pro 2 ndi Bose maola 6, Galaxy Buds2 Pro maola 5. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu maolawo amatsika, zivute zitani. Koma inu mumafulumizitsa imfa yake. Mdani wamkulu wa batire ndi kutentha. Apple imati AirPods zizigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35. Inu mumasiya kabokosi pa dashibodi mwezi wa Okutobala, kapena pawindo, kapena pafupi ndi mbaula. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mthunzi womwe umadutsa 40. Sungani pamthunzi, musatchaje kabokosi kakadali kotentha, ndipo musakasiye kopanda moto kwa miyezi. Kabokosi kakatupa kapena kutentha modabwitsa potchaja, kachotseni pamoto ndipo musakagwiritsenso ntchito.

Musaganize kuti dzina lalikulu ndi chitsimikizo. Mu 2020 Apple inavomera kuti AirPods Pro zina zopangidwa mwezi wa Okutobala chaka chimenecho usanafike zinkathetheka mawu, ndipo inayamba kusintha zowonongekazo. Mu 2024 Samsung inaimitsa kaye kutumiza Galaxy Buds3 Pro chifukwa timphira tinkang'ambika pochotsa. Amene anathandizidwa ndi amene anali ndi katundu weniweni. Inu amene mwatumitsa kwa achibale a ku Johannesburg kapena ku London, auzeni atumize ndi lisiti, ndipo funsani musanagule kuti kakawonongeka mudzabweza kwa yani.

Madzi ndi fumbi. Zilembo za IPX zimasonyeza mmene chipangizo chimapiririra madzi: IPX4, imene ili pa Sony ndi Bose, imatanthauza thukuta ndi mvula yowaza, osati kusamba nazo. IPX7 ya Buds2 Pro ndi kumira m'madzi oyera mita imodzi kwa mphindi 30. Chilembo X chija chikutanthauza kuti pa fumbi sanayezepo, ndipo fumbi lathu la m'chilimwe mukulidziwa. Kabokosi nthawi zambiri sikatetezedwa n'komwe.

Madandaulo akuti "kamodzi kasiya kulira" kapena "kakumanzere kakumveka pansi", nthawi zambiri si kuwonongeka, ndi uve. Mwachokera kothamanga, mwaponya m'kabokosi thukuta lili chuchuchu, mchere wa thukuta wadya timitu tachitsulo totchajira. Kapena phula la m'khutu latseka kasefa kotulukira mawu. Pukutani ndi kansalu kouma nthawi zonse musanabweze m'kabokosi. Kamodzi pa sabata chotsani timphira, tsukani ta silikoni ndi madzi okha, tiume kaye tisanabwerere. Kasefa kapukuteni ndi kaburashi kofewa kouma, katayang'ana pansi kuti zinyalala zigwe. Singano, pini ndi mtengo wa machesi zimaboola kasefa n'kukankhira phula m'kati, ndipo pamenepo ndiye kwatha.

Uve womwewo umalowa m'khutu. Kubwerekana ma earbuds, kuvala makutu ali onyowa mutangosamba, kugona nawo usiku wonse, zonsezi zimasunga chinyezi ndi tizilombo m'njira ya khutu mpaka kutupa ndi kutuluka mafinya. Musawasiyenso pamphasa pamene pali mwana wokwawa, chifukwa kachipangizo kamene kali ndi batire m'kati kakamezedwa ndi ngozi yothamangira nayo kuchipatala. Khutu likayamba kuyabwa, kuwawa kapena kutuluka madzi, siyani kuvala, musathiremo mafuta kapena madzi a zitsamba, pitani kuchipatala. Makutu akamalira osaleka masiku angapo, kayezetseni. Ku Blantyre kuli kiliniki yoyeza makutu ku chipatala cha Queen Elizabeth, ku Lilongwe kuli ya ABC ku Area 47. Ndipo mukadzuka m'mawa khutu limodzi litasiya kumva mwadzidzidzi, musadikire sabata kuti mwina litseguka lokha. Pitani tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala a vuto limeneli amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku oyambirira.