Steve Savidan sanaphunzire mpira ali ndi zaka 28

Ndikamva munthu akunena kuti wosewera amene wafika zaka 25 asanalowe mu ligi yaikulu basi zake zada, mtima umandiwawa, ndipo dzina limene limandibwerera ndi la Steve Savidan. Ambiri simukumudziwa, poti sanasewereko ku England kapena ku Spain.

Anabadwa mu 1978 mumzinda wa Angers ku France. Unyamata wake wonse anathera m'matimu a m'munsi: Angers, Châteauroux, Ajaccio, Beauvais, kulikonse osakhalitsa. Atafika ku Angoulême, timu ya mu National, yomwe inali ligi yachitatu ya dzikolo, ndalama za mpira sizinkakwana, moti ankagwiranso ganyu yonyamula zinyalala ndi yogulitsa mu bala. Tangoganizani, munthu wa zaka 25 kulawirira m'mawa kuli chisanu kukakweza mabini pa lole, kenako n'kukavala nsapato za mpira miyendo itatopa kale.

Mu 2004 timu ya Valenciennes, nayonso ili mu National, inamutenga. Nyengo yomweyo anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligiyo, timu n'kukwera. Nyengo yotsatira mu Ligue 2 analinso pamwamba pa omwetsa zigoli, timu n'kukweranso. Choncho analowa mu Ligue 1, ligi yaikulu ya ku France, mu 2006 ali ndi zaka 28. Mu February 2007 anachinya zigoli 4 pa masewero amodzi ndi Nantes, pagolo pali Fabien Barthez, goloboyi amene anatenga chikho cha dziko lonse mu 1998. Mu November 2008, ali ku Caen, mphunzitsi Raymond Domenech anamuitana ku timu ya dziko ndipo anasewera ndi Uruguay pa Stade de France ali ndi zaka 30. Kamodzi komweko. Mu July 2009 akupita ku Monaco, madokotala pomuyeza anapeza kuti mtima wake uli ndi vuto, mpira n'kuthera pomwepo ali ndi zaka 31. Ligi yaikulu anailawa nyengo zitatu zokha.

Anthu amaikonda nkhaniyi ngati nthano ya mwayi. Ine imandikwiyitsa. Savidan wa ku Angoulême ndi amene anagonjetsa Barthez ndi munthu mmodzi, phazi lomwelo, liwiro lomwelo. Sanasinthe mwendo mu 2004. Chinasintha n'chakuti anapeza timu imene inamukhulupirira n'kumusiya asewere mlungu ndi mlungu. Nanga zaka zonse zija, osaka osewera anali kuyang'ana kuti? Anali atamulemba kale m'gulu la otsalira, chifukwa ku France amene sanadutse bwino m'masukulu a mpira a matimu akuluakulu ali mnyamata amaoneka ngati wotayika.

Ndipo si iye yekha. N'Golo Kanté ankasewera mu National ku Boulogne mu 2013, patatha zaka zitatu anali katswiri wa ligi ya England ndi Leicester. Riyad Mahrez anayambira ku Quimper, mu ligi yachinayi. Édouard Mendy atachoka ku Cherbourg mu 2014 anakhala chaka chathunthu wopanda timu mpaka kukalembetsa ku ofesi ya anthu osowa ntchito, koma mu 2021 ananyamula Champions League ndi Chelsea.

Komatu amenewa timawadziwa chifukwa anatulukamo. Amene ndikuwaganizira kwambiri ndi omwe foni yochokera ku matimu akuluakulu sinawalirire. Munthu wasewera zaka 12 kapena 15 pa makontrakiti a chaka chimodzichimodzi. Pofika June sakudziwa kuti ana akaphunzira mzinda uti mu September. Bondo likaduka, kontrakiti ikatha, basi. Nthawi zina iye wasewera bwino koma timu yagwa ndi ngongole, poti ku France kuli bungwe la DNCG lomwe limaunika chuma cha matimu ndipo silinyengerera: Bordeaux yeniyeniyo, imene inatenga ligi mu 2009, inatsitsidwa mpaka ligi yachinayi mu 2024, osewera ndi ogwira ntchito n'kubalalika. Ngati zinachitikira Bordeaux, kuli bwanji katimu ka m'tauni yaing'ono? N'chifukwa chake bungwe la osewera la UNFP chaka chilichonse limasonkhanitsa opanda makontrakiti kuti azichita tireningi limodzi ndi kusewera masewero apaubale, mwina wina angawaone.

Anthu amenewa dziko limawakumbukira pa Coupe de France pokha, mpikisano wa chikho umene matimu aakulu ndi aang'ono omwe amalowamo. Mu 2000 Calais, timu ya mu ligi yachinayi, inafika mu fainolo n'kugonja 2-1 kwa Nantes. Mu 2018 Les Herbiers ya mu National inagonja 2-0 kwa PSG, kaputeni wa PSG Thiago Silva n'kuitana kaputeni wa Les Herbiers kuti anyamule naye chikho, anthu n'kuwomba m'manja. Patangotha masiku ochepa, Les Herbiers inatuluka mu National, ndipo makamera anali atapita kale.

Musamanene kuti wosewera wotere analephera. Wadyetsa banja ndi mpira kwa zaka zambiri pamalo pomwe pa mpando umodzi pali anyamata ambirimbiri okonzeka kumulanda. Ndipo inu aphunzitsi ndi osaka osewera, pitani mukaonere masewero a m'munsimo ndi maso anu, musamayambe n'kufunsa chaka chimene munthu anabadwa.