Pemphero la ife amene tsitsi likutithothoka

Atate wathu wakumwamba, Chauta, mwini moyo, tagwada pamaso panu. Mwana wanu Yesu ananena pa Luka 12:7 kuti ngakhale tsitsi la m'mutu mwathu munaliwerenga lonse. Ndiye mukudziwa, Ambuye. Mukudziwa limene latsala pa pilo m'mawa uno, limene lakodwa m'chipeso, limene lapita ndi madzi osamba. Palibe limene lagwa Inu osaona.

Tikupereka m'manja mwanu onse amene akudwala nthenda imene madokotala amaitcha alopecia areata. Chitetezo cha m'thupi, chomwe munatipatsa kuti chizilimbana ndi matenda, chatembenukira mizu ya tsitsi lathu lomwe. Ena zinayamba ndi kamalo kamodzi kozungulira, kosalala, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo, ndipo anachita kuuzidwa ndi wometa. Ena mutu wonse watha. Ena nsidze zinachoka, moti thukuta limatsikira m'maso ndipo fumbi la mu Okutobala limalowa popanda cholitchinga. Abambo ena ndevu zadukaduka. Tichitireni chifundo, Ambuye, tichitireni chifundo. Gwirani thupi limene ladziukira lokha, mulikhazike pansi.

Ndikuthokozani chifukwa cha Levitiko 13:40. Pakati penipeni pa malamulo onse aja a khate ndi zodetsa, Inu munauza Mose ndi Aroni kuti munthu amene tsitsi lamuthothoka ndi wadazi chabe, ndi woyera. Woyera! Simunamutulutsire kunja kwa msasa. Simunamuuze kuti azifuula pamsewu kuti ndi wodetsedwa. Mawu amenewo ndi anu, ndipo ife tawagwira, sitiwataya.

Nanga inu abale anga mu mpingo, mukutitulutsiranji kunja amene Mulungu anatisiya mkati? Mumasendera kutali pa benchi, mumati ndi chipere. Si chipere ayi. Chipere chimapatsirana ndipo chili ndi mankhwala ake, koma nthenda iyi simungaitenge pogwirana chanza, pobwerekana duku, kapena podyera mbale imodzi. Ena mumanong'onezana kuti atimeta afiti usiku. Ena mumati ndi kansa, ena mumati ndi matenda aja, ena mumafunsa kuti tinachimwa chiyani. Yesu anawayankha kale ophunzira ake za munthu wobadwa wosaona uja, kuti sanachimwe iye kapena makolo ake. Lekani. M'dzina la Yesu, lekani.

Ambuye, ine mtima wanga ndi wowawa, sindikubisirani. Akamawerenga 1 Akorinto 11:15, kuti tsitsi lalitali ndi ulemerero wa mkazi, ndimazolika, duku nditalimanga kolimba kuopa kuti lingamasuke poyimba. Ndimafunsa kuti ulemerero wanga uli kuti? Wigi imatentha, imayabwa, ndipo mphepo ikawomba pa depoti dzanja limathamangira kumutu lokha. Ndatopa, Atate. Nditonthozeni. Mundikumbutse kuti mumayang'ana mumtima, monga munauzira Samueli, ndipo mundipatse mphamvu yoti ndizikhulupiriredi pamene ndaima pagalasi.

Tikupempherera ana, Ambuye, makamaka ana. Kusukulu amameta tsitsi lalifupi, ndipo kamalo kalikonse kamaonekera poyera. Anzawo amawalanda chipewa n'kumaponyerana. Ngakhale mneneri wanu Elisa anyamata a ku Beteli anamuseka chifukwa cha dazi, ndipo Inu simunaseke nawo. Apatseni ana athu aphunzitsi omvetsa, olola chipewa m'kalasi, odzudzula wonyoza asanazolowere. Apatseni mnzawo mmodzi wokhala nawo pa buleki. Asasiye sukulu chifukwa cha manyazi.

Phunzitsani abale athu kutithandiza. Atseke pakamwa pamene akufuna kunena kuti "ndi tsitsi chabe, bola moyo", chifukwa mawu amenewo amatisiya tokha. Asiye kutibweretsera mafuta ndi zitsamba zosadziwika zopaka pamutu, asiye kutikokera kokatemera mphini. Atiperekeze kuchipatala kukaonana ndi dokotala wa khungu. Atifunse kaye asanagwire mutu wathu, asanatijambule, asanauze ena. Tikasankha kuvala wigi atileke, tikasankha kuyenda mutu uli pamtunda ayende nafe. Limbitsani amuna amene akazi awo akudwala, asathawe, asachite manyazi kuyenda nawo. Dalitsani amayi a kusaluni amene amatilandira osatiulutsa, ndipo muwapatse dzanja lofewa, asamakoke tsitsi poluka mpaka kuzula mizu ya pachipumi, poti kumeneko nako kumabweretsa dazi.

Dalitsani madokotala ndi anamwino. Mankhwala amene alipo afike ndi kwa osauka omwe. Kwa ambiri mizu siifa, tsitsi limameranso, nthawi zina loyera ndi lofewa poyamba, ndipo tikuti zikomo. Kwa ena limamera n'kuthothokanso, ndipo ulendo wachiwiriwo umapweteka kuposa woyamba. Agwireni dzanja amenewo. Kwa ena silibwerera. Musawasiye, Ambuye, musawasiye.

Ife tikupempha machiritso, sitichita manyazi kupempha. Meretsani tsitsi lathu, Atate. Ndipo podikira yankho lanu, tisungeni ku maganizo ofuna kudzipatula, tidzutseni Lamulungu tipite kukachisi, tikakhale pakati pa anthu anu.

Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.