El Niño wa ku Nsanje si wa ku Mzuzu

Nkhani ina yomwe ndawerenga ikuti El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kumasintha kagwedwe ka mvula, akabwera ndiye chilala dziko lonse. Apa mwaphonyako pang'ono, alembi. Akatswiri amayeza kutentha kwa madzi m'chigawo cha Niño 3.4, pakati pa nyanja ya Pacific, pogwiritsa ntchito masetilaiti ndi zipangizo zoyandama zambiri zomwe zimayeza mpaka mamita 500 pansi pa madzi. Madzi akatentha kuposa nthawi zonse ndi madigiri 0.5 kwa miyezi ingapo yotsatizana, ndi pamene amalengeza El Niño.

Koma kuno kumpoto tili m'malire a nyengo ziwiri. Kumwera mvula imadula, monga zinachitikira mu 2015/16 ndi 2023/24, pamene Mzuzu, Nkhata Bay ndi Karonga kawirikawiri zimatsatira nyengo ya ku Tanzania, komwe mvula imachuluka. Kutentha kwa nyanja ya Indian kumathandizanso kuchulukitsa mvulayi, ndipo makompyuta olosera nyengo amavutika kuona mapiri a Viphya ndi nyanja yathu chifukwa amagawa dziko m'mabokosi aakulu kwambiri powerengera.

Chinanso: ulosi wa El Niño wopangidwa pakati pa Malichi ndi Meyi umaphonya kwambiri. Alimi musasankhire mbewu pa umenewo, dikirani wa nthambi ya zanyengo wa mu Seputembala, makamaka wa boma lanu.