Ndere Zandisowetsa Mtendere

Loweruka lililonse ndimakwecha ndere ndi mswachi pamiyala ya m'thanki yanga yagalasi ya madzi amchere, koma pofika Lachitatu ubweya wobiriwira uja umakhala utameranso mpaka kuphimba makorali (zamoyo za m'nyanja yaikulu zooneka ngati miyala kapena zomera) amene ndinawapeza movutikira. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti anzanga kuno ku Nchalo amandiuza kuti ndizingothiramo madzi a pamjigo poti ndi amchere kale, osadziwa kuti mcherewo ndi wosiyana ndi wa m'nyanja yaikulu, komanso kuti madziwo angabweretse nitrate ndi phosphate, zomwe zimanenepetsa ndere. Chakudya cha nsomba ndachepetsa, nyali ndimayatsa maola 8 okha. Komabe mu Okutobala, kutentha kukafika madigiri 40 magetsi n'kuthima, pampu yoyendetsa madzi m'thankimo imaima, makorali amafooka, ndere zokha n'kumakondwa.