Maswiti a pakhosi ndi zilonda za m'kamwa: maganizo anga

Pali anthu amati kugula maswiti a mankhwala ku famase chifukwa cha chilonda cha m'kamwa ndi kungotaya ndalama, poti chimapola chokha. Zoona, chimapola chokha, kawirikawiri pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Koma amene amayankhula chonchi sindikudziwa ngati anayesapo kudya nsima ya usipa wothira tomato ndi kambuzi ali ndi kachilonda koyera kaja kunsi kwa lilime. Kanthu kochepa ngati njere ya mapira, koma ndiwo zikangokakhudza misozi lengelenge, ngakhale moni umayankha ndi mutu. Ndiye ine ndili mbali ya ogula. Chondidandaulitsa n'chakuti ambiri timagula osadziwa chomwe tagula.

Maswitiwa si amodzi. Ambiri amene timawatola pa kauntala anapangidwira pakhosi pokereketa, osati chilonda cha patsaya. Strepsils wamba uja muli mankhwala opha tizilombo, amylmetacresol ndi dichlorobenzyl alcohol. Enanso muli menthol basi, amangoziziritsa, ndipo pachilonda chosupuka nthawi zina amachita kuwawitsa. Othandizadi pa ululu ndi omwe paketi yake yalembedwa lidocaine kapena benzocaine, amenewa amachititsa dzanzi, kapena benzydamine amene amachepetsa ululu ndi kutupa. Benzydamine ndi amene ali m'maswiti otchedwa Difflam, ndipo abale athu a ku Joni amamudziwa ndi dzina loti Andolex. Tembenuzani paketi muwerenge timalemba ting'onoting'ono tija. Zikakukanikani, funsani wa pa famaseyo, ntchito yake ndi imeneyo.

Kagwiritsidwe kake nakonso. Switi yotere si yotafuna ngati chimanga chokazinga. Imafunika kuivumata mbali yomwe kuli chilondayo, isungunuke pang'onopang'ono. Dzanzilo silikhalitsa, ndiye nzeru yake ndi kuvumata chakudya chili pafupi kupsa kuti mudye bwino. Koma nsimayo iyambe yapolako, chifukwa m'kamwa mwadzanzi simumva kutentha, mutha kudziwotcha kapena kudziluma tsaya n'kutsegula chilonda chachiwiri. Musapyole nambala yomwe yalembedwa pa tsiku. A shuga funsani opanda shuga, alipo. Ana osakwana zaka 6 musawapatse, akhoza kutsamwa nawo. Za benzocaine ndiye bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza mu 2018 kuti asapatsidwe ana osakwana zaka 2, chifukwa amatha kusokoneza mmene magazi amanyamulira mpweya.

Nanga amene alibe ndalama ya ku famase? Theka la kasupuni ka mchere mu kapu ya madzi ofunda, kuchukucha n'kulavula, kangapo pa tsiku. Siyani kaye tsabola, chinanazi ndi mandimu. Phala lozizira pang'ono silikukanani. Chomwe sindingavomereze ndi chija cha kutsegula kapisozi wa amoxicillin n'kuthira ufa wake pachilonda, kapena kukanikizapo aspirin. Aspirin amawotcha mnofu wa m'kamwa, ndipo amoxicillin alibe ntchito pamenepo, tikungophunzitsa tizilombo kusamva mankhwala.

Tsopano pomwe maswitiwa amandiopsa. Amatseka ululu, sapoletsa chilonda. Munthu atha kumangovumata mwezi wathunthu, akupita kuntchito, akudya bwinobwino, chikhalirecho thupi likumuuza kanthu. Zilonda zobwerabwera nthawi zina zimachokera ku nkhawa ndi kusagona, kapena dzino lobenthuka lomwe likukanda tsaya, koma nthawi zinanso ndi kuchepa kwa ayironi, folate kapena vitamini B12 m'thupi. Zoyera zoyanga lilime lonse, zoti ukazipala pansi pake pamafiira, zimenezo ndi fangasi, zimafuna mankhwala ngati nystatin, switi singachite kanthu. Kwa munthu wamkulu zimatha kusonyeza shuga kapena chitetezo chotsika, ndipo kuno kwathu tisanamizane, HIV tiyenera kuiganizira. N'chimodzimodzinso timadontho tofiirira moderako kumwamba kwa m'kamwa.

Ndipo pali china chomwe sitikonda kutchula, khansa ya m'kamwa. Imayamba ngati kachilonda wamba, kolimba m'mbali, nthawi zina kosawawa n'komwe. Osuta fodya ndi okonda kachasu ndi amene ali pachiopsezo chachikulu, kuphatikizapo agogo athu aja amaika fodya wopera kuseri kwa mlomo. Inu a m'tauni mumatumiza mankhwala kumudzi mukamva kuti agogo akudandaula m'kamwa, funsani kaye kuti chayamba liti.

Madokotala amati chilonda cha m'kamwa chikapyola masabata 3 osapola, kapena chikamakula, kutuluka magazi, kapena kubwera ndi kutentha thupi ndi kuwonda, chikaonedwe. Pamenepo paketi yachiwiri musagule, ndalamayo ikhale ya kabaza wopitira kuchipatala. M'zipatala za maboma muli a mano, ndipo kuyezetsa HIV m'zipatala za boma ndi kwaulere.